Kalata yotseguka kwa akuluakulu a wailesi ndi osunga nyimbo kuno ku Harare

Kwa olemekezeka akuluakulu a National FM ndi Radio Zimbabwe, a National Archives of Zimbabwe, a National Arts Council, a ZIMURA (bungwe loona za umwini wa nyimbo), ndi a ku ofesi ya Kazembe wa Malawi,

Landirani moni wathu, mabwana ndi madona. Amene tikulemba kalatayi ndife anthu olankhula Chichewa a ku Mbare, Mabvuku, Tafara, Mufakose, Dzivarasekwa ndi Epworth, ndipo tonse timadyera nyimbo. Ena timakonza mawu m'masitudiyo, ena timaika nyimbo pa maukwati ndi pa zinkhoswe, ena timakonza mawailesi ndi zoimbira makaseti, ena tangosunga mbale za galamafoni zimene makolo athu anasiya. Tabwera ndi nkhani imodzi. Nyimbo zambiri zoimbidwa m'Chichewa m'dziko muno zikusungidwa m'mafoni a anthu amene amakangana za nyimbo pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo kumeneko zikuonongeka, mawu ake ndi maina a eni ake omwe.

Mikanganoyo ndi yodziwika. Wokonda sungura, nyimbo za magitala zija, amati zimdancehall ya achinyamata ndi phokoso la pa kompyuta lopanda woimba chida. Wa zimdancehall amabwezera kuti nyimbo ya mphindi 10 ndi ya munthu amene alibe kopita. Ana a amapiano amaseka onse awiri. Amayi a Chigwirizano amatumiza za kwaya, wina amaika reggae ya ku Chileka, ndipo sipalephera mkulu wina wonena kuti kuyambira pamene Allan Namoko anasiya kukhwacha banjo palibenso nyimbo. Sitikukupemphani kuti muweruze. Chimene tikufuna muone n'chakuti pofuna kupambana mkangano, munthu amakafukula kaseti m'sutikesi ya malemu bambo ake, n'kuiimba pa kawailesi, n'kuyandikiza foni, n'kutumiza. Ndi mmene nyimbo zoiwalika zikutulukira masiku ano. Koma zimatuluka zili zotsamwa, zothamanga kapena zochedwa, ndipo pofika pa foni yachisanu zimakhala zitapatsidwa kale dzina la woimba wina amene ali wotchuka.

Wina angafunse kuti nyimbo za Chichewa zikukhudza bwanji Harare. Makolo athu anabwera kuchokera ku Malawi pa Ulere ndi pa Mthandizi, njira zimene zinkabweretsa anthu odzagwira ntchito, ena wapansi, n'kudzaza mapulazi, migodi ndi makomboni a njanji monga Rugare. Daniel Kachamba, amene Amalawi amamunyadira, anakhalapo mu mzinda uno ali mwana kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo gitala anayambira kuno. Sungura yeniyeniyo inaleredwa m'makomboni momwemo: Nicholas Zakaria ndi Khiama Boys, Alick Macheso amene anadutsa m'gulu lomwelo asanayambitse Orchestra Mberikwazvo, Daiton ndi Josphat Somanje a Pengaudzoke, onsewa ndi ana a makolo ochokera ku Malawi ndipo aimbapo m'chinenero chathu. Kumbuyo kwa maina akuluakuluwa kuli magulu ambiri amene anatulutsa kaseti imodzi kapena ziwiri basi, makwaya a CCAP ndi a Katolika, a sikiri a kumizikiti, a beni. Amenewa ndiwo ali pangozi. Malamulo nawo ali mbali yathu: gawo 6 la malamulo aakulu a dziko a 2013 likutchula Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka, ndipo lamulo la zoulutsa mawu la 2001, kuonjezera pa 75 peresenti ya zam'dziko muno, linapatula 10 peresenti ya mapulogalamu kuti ikhale ya zinenero zina kupatula Chishona ndi Chindebele. Nthawi ya pa wailesi ilipo. Chofunika ndi nyimbo zomveka bwino zoti zidzaze nthawiyo.

Pempho lathu loyamba ndi masiku osonkhanitsa makaseti ndi mbale, olengezedwa pa wailesi m'Chichewa, ochitikira kumene anthu ali: Stodart Hall kapena Mai Musodzi ku Mbare, holo ya ku Mabvuku, mabwalo a matchalitchi ndi mizikiti. Munthu asauzidwe kuti apereke katundu wake. Abwereke, alandire lisiti yokhala ndi nambala, nambala yomweyo imatidwe pa chikwama cha kaseti, ndipo auzidwe tsiku lodzatenga pamodzi ndi kope ya nyimbozo pa memore khadi. Mukangonena kuti zinthu zikasungidwa ku boma, agogo abwerera nazo kunyumba, ndipo sitingawadzudzule. Pa tebulo lolandirira pakhale munthu wodziwa Chichewa bwino, ndi wina wa Chiyao, chifukwa ntchito yofunika kwambiri tsiku limenelo ndi kufunsa mwini kaseti: anaigula kuti, liti, oimbawo ankakhala pa pulazi kapena mgodi uti, alipo wamoyo? Chikuto nachonso chijambulidwe mbali zonse, chifukwa maina a woimba bezi, wa ng'oma ndi wojambula amapezeka pamenepo pokha.

Tsopano kaseti yeniyeniyo. Tikhalapo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene ntchito zotere zimafera.

Kaseti isalowe m'makina isanayang'anidwe. Choyamba thyolani timano tiwiri ta pamwamba tija, kuti wina akadina batani lojambulira molakwitsa nyimbo zisafufutike. Kenako yang'anani pa kawindo. Madontho oyera kapena otuwa pa tepi ndi chuku, ndipo kaseti yotero iikidwe m'pepala la pulasitiki payokha. Mukaiimba, chuku chimatsalira pa mutu wa makina n'kupatsira makaseti onse otsatira, komanso wogwira ntchitoyo amachipuma. Yang'ananinso kansanza kakang'ono kamene kamakhala pakati, kumbuyo kwa tepi, kokanikiza tepi ku mutu. Guluu wake akauma kamagwa, ndipo mawu amamveka otsamwa ndi onjenjemera. Mankhwala ake ndi kusamutsira tepiyo m'chikwama china chabwino, cha masikuluwu 5 chija, kusamala kuti tepi idutse m'timawilo take monga inalili. Tepi yoduka ilumikizidwe ndi tepi yake yolumikizira. Selotepi ayi, chifukwa guluu wake amatuluka m'mbali n'kumata mizere yoyandikana. Musanaimbe, ithamangitseni mpaka kumapeto n'kuibweza kamodzi, kuti tepi imene yakhala zaka 30 osayenda imasuke.

Makinawo akhale a kaseti imodzi, olimba, a mtundu wa m'situdiyo kapena wa m'nyumba wabwino. Tizipangizo totchipa tolumikiza kaseti ku USB tisagulidwe n'komwe: liwiro lake silikhazikika, tina timasakaniza mbali ziwiri kukhala imodzi, ndipo timatulutsa MP3 basi. Kaseti imayenda masentimita 4.76 pa sekondi. Lamba wa mkati akatha kapena kutamuka, liwirolo limasintha, ndipo kusiyana kwa 6 peresenti kumakweza kapena kutsitsa nyimbo ndi theka la noti. Ndicho chifukwa chake pa WhatsApp mumapeza anthu akukangana kuti woimba wakuti anali ndi mawu aang'ono, pamene vuto ndi lamba wa wailesi ya munthu. Liwiro liyesedwe ndi kaseti yoyesera ya 3,000 kapena 3,150 Hz ntchito isanayambe, ndiponso mlungu uliwonse. Mutu ndi kachitsulo kozungulira kokoka tepi zipukutidwe ndi thonje lonyowetsa isopropyl wa 99 peresenti pakatha kaseti iliyonse yakale. Spiriti wofiirira wa m'sitolo amasiya utoto. Kagudumu ka labala kapukutidwe ndi madzi a sopo pang'ono, chifukwa spiriti amakaumitsa, ndipo kagudumu kouma ndiko kamatafuna tepi.

Chimene ambiri amachidumpha ndi azimuth, kapendekedwe ka mutu. Kaseti iliyonse inajambulidwa pa makina ake, ndipo mutu wa makina anu uyenera kupendekeka mofanana ndi wa amene anajambulawo, apo ayi mawu apamwamba onse amasowa. Kachitidwe kake ndi aka: ikani zomvera m'makutu, sakanizani mbali ziwiri zikhale mono, imbani pamene pali ng'oma ndi timbale take, n'kumapotoza kasikuluwu ka pambali pa mutu pang'onopang'ono uku ndi uku, mpaka timbaleto ndi "s" wa woimba zimveke zowala kwambiri. Pamenepo lekani. Bwerezani potembenuza kaseti, chifukwa mbali A ndi B sizifanana nthawi zonse. Zimatenga mphindi 2 zokha, koma gitala wa lidi wa sungura, amene moyo wake uli m'mawu apamwamba, amafa kapena kuuka pa kasikuluwu kameneka. Za Dolby, njira yochepetsera phokoso la tepi, tsatirani chimene chalembedwa pa kaseti. Mukamuyatsa pa tepi imene inalibe, nyimbo imagontha. Ngati palibe chizindikiro, jambulani ali wozimitsa ndipo mulembe kuti mwatero.

Mbale zili ndi malamulo akeake. Za 45 ndi za 33 (manambalawa ndi maulendo amene mbale imazungulira pa mphindi) zitsukidwe ndi madzi osungunula, aja amathira m'batire koma opanda asidi, ndi nsalu yofewa, kutsatira mizere mozungulira. Madzi a m'chitsime amasiya mchere m'mizere ndipo mbale imathetheka kuposa kale. Za 78 n'zopangidwa ndi shellac, zimasweka ngati mbale yadothi ndipo spiriti amazisungunula. Zimafuna singano yakeyake, yonenepa pafupifupi katatu kuposa ya 45, chifukwa singano yowonda imagwera pansi pa mzere n'kumangotola phokoso. Singano zambiri za masiku ano zimafuna kulemera kwa magalamu pafupifupi 2. Chizolowezi chija choika ndalama yachitsulo pamwamba pa mkono kuti singano isadumphe chimapala mzere, ndipo chopalidwa sichibwerera. Pakati pa choimbira ndi kompyuta pakhale phono preamp, kachipangizo kokweza ndi kulinganiza mawu a mbale, kupanda apo bezi yonse imasowa. Mbale zisungidwe choimirira, kutali ndi denga la malata. Yosanjikizidwa m'nyumba yotentha ya mwezi wa Okutobala imapindika.

Kwa inu a wailesi ndi a National Archives ku Borrowdale Road amene muli ndi matepi aakulu a m'situdiyo, mukudziwa kale kuti tepi ikayamba kulira tswii pa makina n'kusiya phala lakuda pa mutu, iyenera kuimitsidwa pomwepo. Ya polyester imachira kwa kanthawi ikaikidwa m'chofunditsira cha labotale pa madigiri 50 mpaka 55 kwa maola angapo, kenako n'kuzizira, n'kujambulidwa msanga. Uvuni wa kukhitchini sungagwire ntchitoyi. Ya acetate, imene imaonetsa kuwala mukaiyang'anitsa ku dzuwa ndipo ikayamba kuola imanunkha viniga, isatenthedwe ngakhale pang'ono. Tingoonjezapo kuti timatepi ta digito ta DAT, MiniDisc ndi ma CD owotcha pa kompyuta ayambe ndiwo, ngakhale akuoneka atsopano. Makina oimbira DAT akusowa, ndipo CD yowotcha imafufutika yokha, pamene mbale ya 45 yosungidwa bwino idzadikira.

Fayilo yoyamba ikhale WAV ya 96 kHz ndi 24 bit, monga mabungwe osunga mawu padziko lonse amalangizira, ndipo zikavuta isatsike pa 48 kHz. Mawu okwera kwambiri afike cha pa -6 dB. Akagunda 0 amang'ambika, ndipo palibe pulogalamu yosoka. Mbali iliyonse ya kaseti ikhale fayilo yakeyake, chifukwa WAV wamba sapitirira 4 GB. Fayilo imeneyi isakhudzidwe: osachotsa phokoso, osakweza bezi, osadula. Zokonza zonse zichitikire pa kope yachiwiri, ndipo yachitatu, MP3 ya 320 kbps, ndiyo yopatsa anthu. Masamu ake ndi osavuta. Ola limodzi limadya pafupifupi 2 GB, kaseti ya C90 (ya mphindi 90) pafupifupi 3 GB, makaseti 1,000 pafupifupi 3 TB. Zisungidwe patatu, pa zosungira za mitundu iwiri, kope imodzi ili ku nyumba ina, ndipo fayilo iliyonse ikhale ndi checksum yake, nambala imene kompyuta imawerengera kuchokera m'fayilomo, yoti chaka ndi chaka muzitsimikizira kuti sinaole. Malo osungira si vuto. Vuto ndi nthawi, chifukwa kaseti siithamangitsidwa: C90 imatenga mphindi 90 kuimba, kuphatikiza kukonza ndi kulemba ndi maola 2, kotero munthu mmodzi ndi makina amodzi amatha makaseti 4 pa tsiku, ndipo 1,000 ndi ntchito ya chaka chathunthu. Amene akulonjezeni kuti atha m'mwezi umodzi ndiye kuti adumpha zimene talembazi.

Magetsi tisawaiwale. Akazima pakati pa kaseti mumayambiranso mbali yonse, choncho makina onse akhale pa inveta ya pure sine ndi batire. Jenereta yaing'ono imasinthasintha, ndipo zoimbira zina za mbale zimatengera liwiro lake ku magetsiwo. Mukamva kung'ung'udza kwa 50 Hz pansi pa nyimbo, lumikizani zipangizo zonse pa soketi imodzi, mangani waya wa nthaka wa choimbira mbale, ndipo yesani kuchotsa chaja ya laputopu. Nthawi zambiri wolakwa ndi ameneyo.

Pempho lachiwiri ndi la maina, ndipo likupita makamaka kwa a ZIMURA ndi olemba m'ndandanda wa nyimbo zoulutsidwa. Mutu wa nyimbo ya Chichewa ukalembedwa ndi munthu wozolowera kalembedwe ka Chishona, "l" amasanduka "r", "ph" ndi "th" amataya "h", "ng'" amataya kachizindikiro kake, mawu awiri amalumikizidwa kapena amodzi kugawidwa. Palibe amene amachita dala. Koma nyimbo imodzi imapezeka italembedwa mitundu itatu, umodzi pa chikuto, wina m'kaundula wa umwini, wina pa pepala la muulutsi, ndipo kompyuta yogawa ndalama imaziona ngati nyimbo zitatu, ziwiri mwa izo zopanda mwini. Kukonza kwake n'kotchipa. Nyimbo iliyonse ikhale ndi mizere iwiri ya mutu: wina monga unalembedwera pa chikuto, ngakhale uli wolakwika, wina m'kalembedwe kovomerezeka ka Chichewa. Pakhale danga la chinenero, lololeza zinenero zingapo, poti Macheso amatha kusintha chinenero pakati pa nyimbo. Wopeka alembedwe padera, woimba padera, gulu padera, kampani padera, kaya ndi Gramma, ZMC kapena RTP. Nyimbo zatsopano zikhale ndi ISRC, nambala ya zilembo 12 ija imene imatsata chojambulidwa chimodzi kulikonse kumene chapita, ndipo muulutsi azilemba nambalayo, osati mutu wokha. Pa nyimbo za ku Malawi zimene zimaimbidwa kuno, ndi za kuno zimene zimaimbidwa ku Lilongwe ndi ku Blantyre, tikupempha kuti ZIMURA ndi COSOMA, bungwe la umwini wa luso la ku Malawi, azisinthana mindandanda yolembedwa mofanana. A Kazembe, apa ndi pamene mungathandize, pokumanitsa mbali ziwirizi. Likulu la ARIPO, limene limaona za umwini wa luso m'maiko ambiri a Africa, lili mumzinda momwe muno.

Nyimbo zimene eni ake sakudziwika musaziponye m'bokosi. Dulani masekondi 30, ulutsani pa pulogalamu ya Chichewa, ikaninso pa masamba anu a intaneti, mufunse anthu. Apa ndi pamene okangana aja amasanduka antchito anu aulere, chifukwa pakati pawo pali anthu ozindikira woimba bezi pongomva kakhwachidwe. Koma safunsa anadya phula, ndipo wofunsa munthu mmodzi yekha amadyanso. Dzina lisalowe m'kaundula mpaka pakhale chikuto, kapena wa m'gululo, kapena mboni ziwiri zosadziwana. Za umwini zikumbukiridwenso: m'dziko muno chojambulidwa chimatetezedwa zaka 50 chitulukireni, ndipo nyimbo yeniyeniyo zaka 50 wopeka atamwalira. Pafupifupi sungura yonse ikadali ndi eni ake. Kusunga ndi nkhani ina, kugawa pa intaneti ndi nkhani ina, ndipo amasiye a oimba afunsidwe ndi kupatsidwa gawo lawo zisanatuluke.

Lachitatu ndi la kaulutsidwe. Nyimbo yobwera ku situdiyo ilandiridwe ngati WAV. Woimba akatumiza pa WhatsApp, auzidwe kuti atumize ngati Document, chifukwa njira imeneyo siikhudza fayilo, pamene ya voice note ndi ya sitetasi zimafinya mawu. Kusintha MP3 kukhala WAV sikubweza chimene chinatayika, kumangonenepetsa fayilo. Kuzindikira chinyengo chimenechi n'kosavuta: tsegulani nyimbo m'pulogalamu ya Audacity, yang'anani spectrogram, chithunzi cha mawu chija, ndipo mukaona mawu atadulidwa mowongoka cha pa 16 kHz, dziwani kuti inadutsapo pa MP3 ya 128 kbps. Kukwera kwa mawu kuyesedwe ndi mita ya LUFS, osati ndi khutu la muulutsi. Nyimbo ya kaseti ya 1992 ndi ya zimdancehall ya chaka chino zikatsatana osalinganizidwa, yakaleyo imamveka yofooka, ndipo mwana womvera amagamula kuti nyimbo za makolo zinali zozizira, pamene yatsopanoyo yangofinyidwa kuti ikhale yaphokoso. Mulingo wa -23 LUFS umene mawailesi ambiri amatsata ukhale wa nyimbo zonse. Muzimvetseranso pa kasipika ka foni ndi m'mono, poti ndimo mmene anthu a m'makombi ndi pa msika amamvera.

Ndiye pali nkhani ya kudula, imene imakwiyitsa okonda sungura kuposa china chilichonse. Nyimbo ya sungura imamangidwa pang'onopang'ono. Mawu amabwera koyamba, koma chimene anthu amadikira chili kumapeto, pamene woimba waleka ndipo lidi, rizimu ndi bezi zayamba kuyankhana. Kuidula pa mphindi 4 kuti mulowetse malonda ndi kuulutsa khonde la nyumba. Komanso tikumvetsa vuto lanu: mu ola limodzi, mukachotsa nkhani, malonda ndi moni, zimatsala mphindi pafupifupi 45, ndipo nyimbo 4 kapena 5 za sungura zadzaza kale. Maganizo athu ndi akuti musayese kukondweretsa onse mu ola limodzi. Sungura ndi zakale zikhale ndi nthawi yake imene nyimbo imaimbidwa yonse, muulutsi osalankhula pamwamba pa gitala. Achinyamata akhale ndi yawo, kumene nyimbo za mphindi 3 zingatsatane, ndipo potchula riddim, kamvekedwe ka zoimbira kamene oimba amaikapo mawu, atchulidwenso amene anaikonza, chifukwa m'masitudiyo onga Chillspot ku Matapi oimba ambiri amakwera pa riddim imodzi ndipo mwini wake ndiye amaiwalika. Makwaya Lamlungu. Ndipo kamodzi pa mlungu muwakumanitse dala: mkulu wa sungura ndi mnyamata wa dancehall, aliyense abwere ndi nyimbo 2, afotokoze chimene mnzakeyo amvetsere. Pulogalamu yotero anthu akuipanga kale okha pa mafoni, kungoti mopanda woyendetsa ndi motukwanana.

Pakhalenso munthu wakumva Chichewa pa gulu loyesa nyimbo zisanaulutsidwe. Popanda iye, nyimbo yotukwana imadutsa masana ana akumva, ndipo nyimbo yabwino imakanidwa chifukwa chongoikayikira. Izi zikukhudza kwambiri gule wamkulu, amene anzathu kuno amati zvigure. UNESCO inamulemekeza mu 2005 m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia, koma amavinidwa ku Mbare, ku Mufakose ndi m'mapulazi ozungulira mzinda uno, ndipo magulu ake amapikisana nawo pa Chibuku Neshamwari. Nyimbo zake si zonse za pabwalo. Zilipo za pamaliro, zilipo za kudambwe, ndipo kaseti yojambulidwa mobisa ikapezeka pa tsiku losonkhanitsa, isaulutsidwe kapena kuikidwa pa intaneti akuluakulu a mzinda wa gulewo asanaimve. Iwo ndiwo anene kuti iyi ituluke, iyi isungidwe chotseka, iyi ibwezedwe. Kaundula akhale ndi danga lolembamo chigamulocho ndi amene anachipereka.

Za mavoti a nyimbo 50 zotchuka za kumapeto kwa chaka tinena mwachidule. Mpikisano uliwonse wa SMS umene sulekeza chiwerengero cha mavoti pa nambala imodzi umayesa thumba la woimba, osati chikondi cha omvera. Nambala imodzi ivote kamodzi pa mlungu, chiwerengero chilengezedwe mlungu uliwonse osati pa 31 Disembala pokha, ndipo nyimbo za zinenero zing'onozing'ono zikhale ndi m'ndandanda wakewake pambali pa waukuluwo, chifukwa pongowerenga mitu sizidzafika n'komwe. Ma like a pa Facebook ndi mawonedwe a pa YouTube angakuthandizeni kudziwa kumene mphepo ikulowera, koma amagulidwa, ndipo agogo a ku Epworth amene ali ndi foni ya mabatani sawerengedwamo.

Zofunika kuti ntchito iyambe si zambiri: zoimbira makaseti 2 zokonzedwa ndi malamba ake apadera, choimbira mbale chimodzi chokhala ndi singano za mitundu iwiri, audio interface ya 24 bit, kompyuta, zosungira 3 za 4 TB, inveta, sikana ya zikuto, chipinda chouma chokhoma, ndi anthu awiri olipidwa, wa makina ndi wa kaundula. Ife okonza makina tibwera ndi zida zathu kudzayesa liwiro ndi kuphunzitsa azimuth, ndipo oika nyimbo pa maukwati adzalengeza kulikonse kumene aitanidwa. Chimene sitingathe patokha ndi kupereka lisiti imene agogo angaikhulupirire, kukambirana ndi makampani ndi amasiye za umwini, ndi kusunga mafayilo zaka 50. Zimenezo ndi za maofesi anu.

Tikupempha kuti tsiku loyamba losonkhanitsa lichitike mvula isanayambe, chifukwa kuyambira Novembala mpaka Malichi chinyezi chimalowa m'masutikesi ndipo chuku chimaonjezeka. Yankho lanu tidzalimvera pa pulogalamu ya Chichewa ya National FM, ndipo tikupempha kuti litchule holo, tsiku, ndi ofesi imene idzasaina malisiti.

Ndife anu mwaulemu,

Okonza mawu, oika nyimbo, okonza makina ndi osunga mbale olankhula Chichewa,
Harare